Kalata yotseguka kwa a Nduna ndi aphungu: za kumwezi zidikire, chenjezo la namondwe liyambe lafika m'mudzi

Olemekezeka a Nduna oona za sayansi ndi maphunziro, a Nduna a zachuma, ndi inu aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo,

Landirani moni wanga waulemu. Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale muno mu Lilongwe. Kalatayi ndailemba poyera chifukwa ikukhudza ndalama za misonkho, ndipo eni ake ndalamazo ayenera kumva nawo zomwe ndikukupemphani.

Maiko olemera ayambiranso kulimbirana mwezi. America ili ndi ndondomeko yake ya Artemis, pomwe China yanena kuti pofika 2030 anthu ake akhale ataponda kumeneko. Kuno ku Africa nakonso anzathu sakugona. Zimbabwe ndi Uganda anatumiza masetilaiti awo oyamba mu Novembala 2022, Kenya inatumiza Taifa-1 mu 2023, Botswana inatumiza yake mu 2025, ndipo mu Epulo chaka chomwecho bungwe la African Space Agency linatsegulidwa ku Cairo. Rwanda, Nigeria ndi Angola anasaina kale Artemis Accords, mgwirizano wa za mlengalenga wotsogozedwa ndi America. Mphepo imeneyi siidzalambalala Capital Hill. Padzabwera alendo ovala bwino, ena ogulitsa setilaiti yopakidwa mbendera yathu, ena olonjeza kuti mwana mmodzi wa Malawi akhoza kukwera nawo chombo. Ndikufuna mawu angawa akupezeni musanagwire cholembera.

Nkhani ya kumwezi ikatuluka pa wayilesi muli mu minibasi ya ku Likuni kapena ya ku Area 25, simudikira nthawi yaitali wina asanayankhe: "Anthu akugona ndi njala, wina n'kumawotcha ndalama kuti akatole miyala kumwamba?" Basi yonse imavomereza. Musawaone anthu amenewa ngati mbuli. Funso lawolo n'lomwe lakhala likutsatira maulendo a mlengalenga kuchokera pachiyambi, ndipo analifunsa ndi anthu oganiza bwino.

Pa 15 Julayi 1969, chombo cha Apollo 11 chitatsala tsiku limodzi kuti chinyamuke, mbusa Ralph Abernathy, yemwe anatenga utsogoleri wa gulu lomenyera ufulu wa anthu akuda ku America Martin Luther King ataphedwa, anafika ku Cape Kennedy, komwe chombocho chimanyamukira, ndi mabanja osauka ndi ngolo zokokedwa ndi nyulu. Dandaulo lake linali lakuti dziko lomwe anthu ake ena akusowa chakudya, pogona ndi mankhwala lasokoneza choyenera kuyamba. Mkulu wa NASA (bungwe la America loona za mlengalenga), Thomas Paine, anatuluka kukakumana nawo, n'kuwauza kuti chikanakhala kuti kuimitsa ulendowo kukanathetsa mavuto amenewo, akanauimitsa. Chombo chinanyamuka, Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin anaponda pamwezi pa 20 Julayi, ndipo mabanja aja anabwerera kwawo umphawi uli pomwepo.

Chaka chotsatira, funso lomwelo linachokera kwa anansi athu. Sisitere Mary Jucunda, yemwe ankatumikira ku Zambia, analembera Ernst Stuhlinger wa ku NASA kumufunsa kuti angaganize bwanji zowononga mabiliyoni pa ulendo wa ku Mars ana akufa ndi njala. Stuhlinger anayankha mu Meyi 1970 ndi kalata yaitali, yaulemu ndithu. Ananena zambiri, koma kwa ine mfundo yake yomwe inayankhadi sisitereyo inali ya masetilaiti: makina ozungulira dziko, oyang'ana pansi pano, oona minda, nthaka, mvula ndi chilala. Pofuna kusonyeza chomwe mwana wanjala angapindule, iye mwini anatembenukira ku makina amenewa.

Ngakhale eni ake a Apollo sanali pamodzi pa nkhaniyi. Pafupifupi zaka zonse za m'ma 1960, akafunsidwa, anthu ambiri a ku America ankati boma likuwononga ndalama zochuluka pa mlengalenga. Nthawi imeneyo, mu 1966, NASA inkalandira ndalama zoposa 4 pa 100 iliyonse ya bajeti ya dzikolo. Lero imalandira zosafika ndi theka la 1 pa 100. Anthu 12 okha ndi omwe anaponda pamwezi, omaliza mu Disembala 1972. Ndipo mu 2023, a bungwe lofufuza maganizo a anthu la Pew Research Center atafunsa anthu a ku America ntchito zomwe NASA iyenera kuika patsogolo, 60 mwa 100 anatchula kulondalonda miyala ikuluikulu ya mlengalenga yomwe ingagunde dziko, 50 mwa 100 anatchula kuyang'anira nyengo, koma kutumiza anthu kumwezi anakuika patsogolo 12 okha, ku Mars 11. Munthu wa mu minibasi ya ku Likuni ndi munthu wa ku Ohio ku America sakusiyana kwenikweni. Onse akuti muyambe mwateteza pomwe tikukhala.

Za mtengo wake ndinene mwachidule. Wofufuza za kayendetsedwe ka ndalama ku NASA komweko anawerengera kuti ulendo umodzi wa Artemis ukudya madola 4.1 biliyoni. Ndalama imeneyi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chonse chomwe dziko la Malawi limapanga pa chaka. Mark Shuttleworth wa ku South Africa, popita mlengalenga mu 2002, analipira yekha madola pafupifupi 20 miliyoni pa mpando umodzi. Ngati a ku America ndi a ku China akufuna kupitiriza, akakambirane ndi olipira misonkho awo. Ife tisaikeko ngakhale tambala, ndipo tisachite manyazi kunena choncho.

Pomwe ndimasiyana ndi anzanga a mu minibasi ndi apa. Akamati zonse za mlengalenga n'zachabe, amataya limodzi zinthu ziwiri zosiyana. Kutumiza munthu n'kodula chifukwa munthu amafuna mpweya, madzi, chakudya, chitetezo ndi njira yobwererera wamoyo. Setilaiti siifuna zonsezo. Ndipo masetilaiti omwe Malawi akuwafuna kwambiri ali kale kumwamba, anawalipira ena, akutijambula usiku ndi usana. Vuto lathu lili pansi, pa mtunda wochokera pa kompyuta ya azanyengo kukafika pa khomo la mayi wokhala m'mphepete mwa phiri.

Namondwe Freddy anationetsa zimenezi mopweteka. Anayambira kutali, kumpoto chakumadzulo kwa Australia, kumayambiriro kwa Febuluwale 2023. Anaoloka nyanja yonse ya Indian Ocean, anagunda Madagascar pa 21 Febuluwale, analowa mu Mozambique, anabwereranso kunyanja kukatenga mphamvu, n'kulowanso cha ku Quelimane pa 11 Malichi. Bungwe la zanyengo la dziko lonse linatsimikiza pambuyo pake kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wodziwika. Masiku onsewo masetilaiti ankamuona. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma Freddy anaimba ng'oma mwezi wathunthu. Azanyengo athu anachita mbali yawo, machenjezo anatuluka pa wayilesi ndi pa mafoni iye asanafike.

Komabe anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasiya nyumba zawo. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu unakokoloka. Ku Mulanje, ku Phalombe, ku Nsanje ndi ku Chikwawa, misewu ndi milatho zinaduka, anthu anakhala masiku ambiri osafikiridwa. Ku Nkhulambe kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi, kuposa yomwe Lilongwe imalandira chaka chathunthu. Katundu wowonongeka ndi chuma chotayika zinaposa madola 500 miliyoni.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti chinasowa n'chiyani, poti chithunzi cha namondweyo chinalipo. Tadziyerekezani ndinu bambo wa ku Chilobwe. Wayilesi yanena kuti chigawo cha kummwera kugwa mvula yamphamvu, okhala malo otsika asamukire kumtunda. Inu muli kale kumtunda, m'mbali mwa phiri. Kwa inu madzi osefukira ndi nkhani ya ku Chikwawa. Palibe anakufikirani kukuuzani kuti nyumba yanu ili pa njira yomwe matope adzadutse. Ngakhale mutachita mantha, muthawire kuti ndi ana, usiku, mvula ikukhuthuka, ndipo katundu mumusiyire ndani? Chenjezo lomwe silikutchula malo anu enieni, komanso losakuuzani kothawira, limangowonjezera nkhawa. Chonsecho kugumuka kwa mapiri sikwachilendo kuno. Agogo athu amakudziwa ndi dzina la Napolo. Kunachitika ku Zomba mu 1946, kunachitikanso ku Phalombe mu Malichi 1991 n'kupha anthu mazana. Mapu osonyeza mbali za mapiri zomwe zingagumuke, ndi nyumba zomwe zili pansi pake, amapangidwa ndi zithunzi za setilaiti kuphatikiza ndi munthu woyenda pansi ndi mapazi. Ntchito imeneyi siifuna roketi. Imafuna akatswiri olipidwa, galimoto ya mafuta, ndi khonsolo yolimba mtima kuuza anthu kuti pano musamange, n'kuwapatsa malo ena.

Amene amati dziko losauka lisakhudze za mlengalenga aone India, ndipo amene amati tithamangire ulemerero aonenso India yomweyo. Bungwe lawo la za mlengalenga la ISRO linakhazikitsidwa mu 1969 dzikolo lili pa umphawi wadzaoneni. Woyambitsa wake, Vikram Sarabhai, ananena poyera kuti cholinga sichinali kupikisana ndi maiko olemera potumiza anthu kumwezi, koma kugwiritsa ntchito luso limeneli pa mavuto a anthu awo. Mu 1975 ndi 1976 anabwereka setilaiti ya ku America n'kumaulutsira maphunziro a ulimi ndi zaumoyo m'midzi pafupifupi 2,400. Kenako anapanga masetilaiti a zanyengo. Mu 1999 namondwe anapha anthu pafupifupi 10,000 m'chigawo cha Odisha. Atalira malirowo anamanga nyumba zolimba zothawiramo, anaphunzitsa anthu m'midzi, anakonza njira yoti chenjezo lizifika kwa msodzi aliyense. Namondwe Phailin atabwera mu 2013, anasamutsa anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo omwalira sanafike 100. Chombo chawo chinatera pamwezi mu Ogasiti 2023, patatha zaka zoposa 50 chiyambire ntchitoyi, ndipo munalibe munthu. Anayamba ndi msodzi ndi mlimi, mwezi unadza pambuyo.

Pali nkhani ina ya kwathu konkuno yomwe ndikufuna aphungu onse aidziwe bwino, chifukwa ikusonyeza kuti setilaiti payokha ikhoza kutisocheretsa. Nyengo ya ulimi ya 2015 mpaka 2016, boma linagula inshuwalansi ya chilala ku African Risk Capacity, bungwe la African Union, pa madola pafupifupi 4.7 miliyoni. Inshuwalansi imeneyi siituma munthu kukayendera minda. Imawerengera mvula pogwiritsa ntchito masetilaiti, n'kuyerekeza ndi madzi omwe chimanga chimafuna pa msinkhu uliwonse, ndipo kusiyana kukakula, ndalama zimatuluka. Chilala chinabweradi, cha El Niño. Mu Epulo 2016 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo anthu pafupifupi 6.5 miliyoni anafunika thandizo la chakudya. Koma makina a inshuwalansi aja anati okhudzidwa ndi ochepa, ndalama sizituluka.

Akatswiri atapita m'midzi kukafunsa alimi, chinsinsi chinaululika. M'makinamo munalembedwa kuti alimi athu amadzala chimanga chochedwa kucha, cha masiku 120 mpaka 140, pomwe ambiri anali atasinthira ku mbewu yocha msanga, ya masiku pafupifupi 90. Mvula yomweyo, ng'amba yomweyo, imapweteka mbewu ziwirizi mosiyana, malinga ndi nthawi yomwe chimanga chikumasula ndi kubereka. Atakonza nambala imeneyo, makina anavomereza kuti kunalidi chilala, ndipo madola 8.1 miliyoni anaperekedwa mu Januwale 2017, patapita miyezi yambiri anthu akuvutika. Setilaiti sinaname. Chomwe chinasoweka ndi chinthu chomwe mlangizi aliyense wa ku Mitundu kapena ku Nsaru akanakuuzani ali chiimire. Ndiye mukamakambirana za luso la mlengalenga, mlangizi wopanda njinga yoyendera ali m'kati mwa nkhani yomweyo.

Mvula ya ku Nkhulambe ija tikuidziwa chifukwa panali munthu woiyeza. Masetilaiti a zanyengo amaona mitambo ndi kuzizira kwa pamwamba pake, n'kuyerekeza mvula yomwe ingagwe. Kuti kuyerekezako kukhale kolondola, pamafunika manambala a pansi oti azifanizira. Pa sukulu ina ya kumudzi yomwe ndinaphunzitsapo panali choyezera mvula, kachitini kokhala ndi fanulo pamwamba, kozunguliridwa ndi waya kuti mbuzi zisakagwetse. Bambo wina wachikulire ankabwera m'mawa uliwonse nthawi imodzimodzi. Ankatsanulira madziwo m'kagalasi kolembedwa manambala, n'kuwerama kuti diso lifanane ndi pomwe madzi alekezera, kenako n'kulemba m'kaundula wachikuto chakuda. Kukapanda kugwa mvula ankalemba ziro, sankasiya mpata. Ana ankamuzungulira, ena n'kumalimbirana kuwerenga nambala iye asanaitchule. Bamboyo atadwala, kagalasi kanasweka, kena sikanabwere, ndipo kaundula uja anathera mu kabati, chiswe n'kumudya. Dera lonse lija linasowa pa mapu a mvula chifukwa cha kagalasi kotsika mtengo kuposa thumba la feteleza. Ndimamva kuwawa ndikamakumbukira, chifukwa zomwe bamboyo analemba zaka zonsezo ndi chuma chomwe simungachigule kwina kulikonse.

Zithunzi zenizenizo n'zaulere, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amadabwa. Landsat ya ku America yakhala ikujambula dziko kuyambira 1972, ndipo kuyambira 2008 zithunzi zake aliyense amatenga osalipira. Sentinel-2 ya ku Ulaya imadutsa pa malo amodzi masiku asanu aliwonse, n'kumaona zinthu za kukula mamita 10. Munda wa fodya, dimba, dambo, malo omwe madzi asefukira, zonse zimaoneka. Nditawaonetsa ophunzira anga zithunzi za Dzalanyama, cha m'ma 1980 ndi cha posachedwa, kalasi inayamba yati zii, kenako mafunso anabwera ambirimbiri. Ambiri mwa anawa amaona njinga zonyamula makala zikulowa m'tauni m'bandakucha, ena makolo awo ndi omwe amapalasa njingazo kuti apeze fizi. Koma anali asanaonepo bala lonse pamodzi. Mtsikana wina analoza ndi chala mzere wa mtsinje wa Lilongwe, kuutsatira kuchokera m'nkhalangomo kudzafika ku madamu a ku Malingunde, n'kufunsa kuti mitengo ikatha, madzi a m'mipopi mwathu azichokera kuti. Funso limenelo ndalibweretsa kwa inu momwe analifunsira. Zithunzi zomwezi zikhoza kusonyeza nyumba zomwe zalowa m'khwawa la Lingadzi ku Mtandire, kusonyeza kuphwa kwa nyanja ya Chilwa kusanafike poipa, ndi kutiuza mu Febuluwale maboma omwe chimanga chafota, m'malo modikira kuti njala ilengezedwe ndi maliro. Mu Malichi 2024 maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pa ngozi ya chilala. Zaka zoterezi zibweranso.

Pa zogula setilaiti yathuyathu, ndikukupemphani mudekhe. Angola inalipira madola pafupifupi 300 miliyoni pa Angosat-1, yomwe inatumizidwa mu Disembala 2017 n'kusiya kugwira ntchito isanatumikire aliyense. Yolowa m'malo mwake inatumizidwa mu 2022. Ya Nigeria, NigComSat-1, inapita mu 2007 n'kufa chaka chotsatira. Awa ndi maiko a mafuta, anatha kupirira. Ife timakhala pa mizere ya petulo chifukwa ndalama zakunja zasowa, ndipo zipatala zimatiuza kuti tikagule tokha mankhwala. Timasetilaiti ting'onoting'ono ngati ta Zimbabwe ndi Uganda tili ndi phindu lake, chifukwa ophunzira a maiko amenewo anagwira nawo ntchito yotipanga ku Japan n'kubwerera ndi luso m'manja. Ngati tsiku lina tidzatsate njira imeneyo, muyeso wake ukhale chiwerengero cha Amalawi omwe aphunzira, ndipo tidzafikepo titayamba tagwiritsa ntchito zomwe tikupatsidwa kale kwaulere.

Ena adzati ndikupha maloto a ana. Ndine mphunzitsi, ndimadziwa momwe maso a mwana amawalira akamva koyamba kuti kuwala kwa nyenyezi zina kunanyamuka agogo a agogo ake asanabadwe. Mu 1964 mphunzitsi mnzathu wa ku Zambia, Edward Mukuka Nkoloso, analengeza kuti dziko lake lidzafika kumwezi America ndi Russia asanafike, ndipo ankaphunzitsa achinyamata powagubuduza m'migolo. Dziko lonse linamuseka. Ine sindimuseka, chifukwa ankakana maganizo akuti kumwamba n'kwa azungu okha, ndipo pamenepo ankanena zoona. Chomwe analibe ndi labotale, mabuku ndi boma lomuthandiza kusandutsa chidwi kukhala luso. Ana athu ambiri alibenso zimenezo lero. Pali masukulu a CDSS omwe mwana amafika Fomu 4 n'kulemba mayeso a sayansi asanagwirepo chipangizo choyesera ndi dzanja lake. Mwana wotereyu simumuthandiza pomuonetsa Mmalawi mmodzi akuyandama m'chombo cha eni ake. Mpatseni labotale, magetsi ndi mphunzitsi wokhazikika, za kumwezi adzazilota yekha ndipo mwina adzafikako ndithu.

Poyambira tili napo kale. Ku Kasungu kunatsegulidwa malo oyeserera madironi pa ntchito zothandiza anthu mu 2017, ndipo mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba muno mu Lilongwe. Ku MUST ku Thyolo amaphunzitsa za nyengo ndi za nthaka, ku Bunda kuli akatswiri a ulimi, ndipo NCST, bungwe la boma loona za sayansi ndi luso, ili pompano pafupi ndi maofesi anu. Achinyamata odziwa kuwerenga zithunzi za setilaiti ndi kupanga mapu akutuluka chaka ndi chaka. Ambiri akuyenda ndi maenivelopu m'misewu ya City Centre, ena amagwira ntchito ya miyezi ingapo pa pulojekiti ya mabungwe, pulojekiti ikatha luso limapita nawo ku Johannesburg. Khonsolo iliyonse, mwa maboma onse 28, ikanakhala ndi wachinyamata woteroyo wolembedwa ntchito yokhazikika, wokhala ndi kompyuta ndi intaneti yolipiridwa, wogwira ntchito limodzi ndi a zaulimi, a zankhalango ndi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndalama yake ikanakhala yochepa kwambiri poyerekeza ndi mlatho umodzi wokokoloka.

A Nduna a zachuma, pempho langa lalikulu lili kwa inu. Ntchito ya zanyengo ndi machenjezo isamadalire mapulojekiti a abwenzi akunja okha, omwe amagula zipangizo zatsopano n'kuchoka, batire ikatha palibe woisintha. Ikhale ndi ndalama yakeyake mu bajeti, yokonzera zipangizo, yolipirira oyeza mvula, yogulira mafuta oyendera, ndipo ndalamayo izitulukadi pa nthawi yake osati kungooneka m'buku. Bungwe la United Nations linaika chaka cha 2027 kuti munthu aliyense pa dziko akhale akufikiridwa ndi chenjezo la ngozi. Kwa ife, zimenezi zikutanthauza uthenga wa m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka, m'Chisena ndi m'Chilomwe, wotchula mudzi ndi mtsinje, wodutsa mwa amfumu, m'mipingo, m'mizikiti ndi pa wayilesi za m'madera. Zikutanthauzanso nyumba zolimba zothawiramo zomwe anthu akuzidziwa mvula isanayambe, kuti sukulu zisamasanduke misasa ana n'kukhala miyezi osaphunzira.

Inu aphungu, mgwirizano uliwonse wa za mlengalenga womwe boma lingafune kusaina, kaya ndi America, China, India kapena kampani, ubwere m'Nyumbamo poyera. Mufunse mtengo wake wonse, wa lero ndi wa zaka khumi zikubwerazo, mu ndalama zakunja. Mufunse kuti mlimi wa ku Kasiya apindula chiyani ndipo liti. Mayankhowo akafotokozedwe pa wayilesi m'chinenero chomwe anthu amamva, anthu aimbe mafoni anene maganizo awo. Akatipatsa mpando waulere m'chombo, muthokoze mwaulemu, kenako mufunse ngati ndalama ya mpandowo singasinthidwe kukhala maphunziro a achinyamata athu a zanyengo, za madzi ndi za mapu. Anthu omwe amakana za kumwezi mu minibasi muja sadzakana ndalama yopita ku chenjezo la namondwe, bola muwaonetse komwe yapita.

Chinthu chimodzi mungachiyambe pa msonkhano wanu ukubwerawu popanda kudikira thandizo la wina aliyense. Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chilengedwe ndi kusintha kwa nyengo iitane a Nthambi ya Zanyengo ndi a DoDMA, iwapemphe mndandanda wa malo onse oyezera mvula ndi madzi a m'mitsinje, boma ndi boma, wosonyeza omwe akugwira ntchito, omwe anafa, ndi ndalama yofunika kuti adzuke. Iwapemphenso mayina a midzi ndi madera a m'matauni omwe ali pansi pa mapiri ogumuka kapena m'njira ya madzi, ndi komwe anthu ake ayenera kuthawira. Mndandandawo usindikizidwe m'nyuzipepala ndi kupachikidwa pa ofesi ya DC aliyense mwezi wa Okutobala usanathe, kuti mfumu, mphunzitsi ndi mlangizi aone dera lawo mvula yoyamba isanagwe.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wa sayansi,
Lilongwe